Mtima wa Msilikali Umayesedwa Pamsasa



Luka Woyera, m'mutu 3 wa Mthenga Wabwino, akutiuza kuti asilikali nawonso anapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa chimene anayenera kuchita. Yohane sanawalamule kutaya zida zawo. Anawachenjeza za zinthu zitatu: kulanda za eni mwankhanza, kunamizira osalakwa, ndi kusakhutira ndi malipiro awo. Zitatu zonsezi sizichitika mfuti zikamalira ayi, koma pamsasa, pa masiku wamba.

Ife a m'boma la Ntcheu nkhondo yapachiweniweni tinaiona ndi maso. Kuyambira 1977 mpaka 1992 boma la Frelimo ndi gulu la Renamo ankamenyana ku Mozambique. Abale athu a ku Angonia, olankhula chinenero chathu chomwechi, anaoloka malire cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri atasenza mphasa ndi miphika, ndipo othawa nkhondo m'dziko muno anafika pafupifupi 1 miliyoni. Mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, imene imapatuka pa Nkaya kuchoka ku njanji yomweyi yodutsa m'chigwa chathu cha Bwanje.

Kodi tsiku la msilikali pamsasa wotere limayenda bwanji? Kumenyana kumatenga nthawi yochepa. Nthawi yaitali ndi ya kudikira. Usiku akhala maso pamalo ake olondera, udzudzu ukumudya, osayatsa moto kuopa kuonekera kwa adani. Kukacha apukuta mfuti, akatunga madzi, akatola nkhuni maso ali pansi chifukwa cha mabomba okwirira m'nthaka. Nsima ya nyemba lero, nsima ya nyemba mawa. Malungo amugwira kulibe mayi womufunditsa. Kalata yakumudzi ichedwa, iye nkumalingalira ngati mkazi wake wapalira munda, ngati mwana uja wachira.

Apa ndiye pagona mayesero. Munthu wanjala, wotopa, wosungulumwa, koma ali ndi mfuti m'manja, aona nkhuku ya mayi wamasiye. Ndani amuletse? Tchimo limayamba ndi nkhuku, mawa lifika pa nkhokwe, mkuja pa mwana wamkazi wa eni mudzi. Pa nkhondo ya ku Mozambique anthu akumidzi ankakakamizidwa kupereka chakudya ndi kusenza katundu wa ankhondo mitunda yaitali, ndipo ana ambiri anagwidwa napatsidwa mfuti. Ambiri mwa amene anachita zimenezi anabadwa monga ana athu omwe, ena anali obatizidwa. Chikumbumtima chawo chinafa pang'onopang'ono, pamsasa.

Komabe pamsasa pomwepo pamamera chiyero. Kumbukirani Uriya, msilikali wa mfumu Davide, amene anakana kukagona m'nyumba mwake pamene anzake ankagona kuthengo. Msilikali wogawira mnzake wodwala madzi ake otsiriza, wolipira chimene watenga pamsika, wonena Korona chamumtima ali pa ulonda, ameneyo akutsata mawu a Yohane ngakhale palibe wansembe womuona.

Nkhondo ija inatha pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma. Eklezia anagwirapo ntchito kudzera m'gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Koma misasa sinathe. Ana athu anatumizidwanso kum'mawa kwa Congo, ndipo mu Novembala 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa kufupi ndi Beni. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga ife otsala kumudzi titani? Inu makolo, dziwani kuti mwana amene mwamuphunzitsa kusatola chamwini ali wamng'ono ndiye adzasiye nkhuku ya wamasiye ali ndi mfuti. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, lembani maina a asilikali ochokera m'midzi mwanu, muziwatchula pa mapemphero a mlungu ndi mlungu. Yenderani akazi awo, athandizeni kubzala mpunga nthawi isanapite. Ndipo msilikali akabwerako, wosalankhula, wodzidzimuka kutulo, mwina wokonda mowa, musamuope ndiponso musamuumirize kufotokoza zimene anaona. Khalani naye, ndipo mtima wake ukakonzeka, mumuperekeze ku Sakramenti la Kulapa, kumene Ambuye amatula katundu amene munthu sangauze ngakhale mkazi wake.

Tipemphere. Atate achifundo, yang'anirani onse amene usiku uno akugona m'misasa kutali ndi kwawo. Sungani matupi awo ku zipolopolo ndi mitima yawo ku nkhanza, muwabwezere kwa ife ali ndi manja oyera. Tikupempha mwa Khristu Ambuye athu. Amen.