Kusiyanitsa Acule a Khungu Lokhakhala Kuno ku Chongwe



Mvula yoyamba itagwa, mnyamata wina anandibweretsera acule awiri m'citini, nandifunsa ngati ali a mtundu umodzi. Ndinamuyankha msanga kuti cule ndi cule. Iye anatambasula miyendo yao, nandionetsa kuti wina ali ndi mawanga ofiira pa nchafu, koma mnzace alibe. Ndinacita manyazi, inde, cule anadabwa m'madzi muli mwace. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda ndi ana m'madambo a mtsinje wa Chalimbana, ndipo zimene taona ndi izi.

Woyamba ndiye Sclerophrys gutturalis, amene Power anamlongosola m'caka ca 1927. Wamkazi afika masentimita 12. Kumbuyo kwa maso ace kuli zotupa ziwiri zoonekera bwino, m'mene mukhala ululu wace, ndipo kuseri kwa nchafu kuli mawanga ofiira aja. Kulira kwace kunga mkonono wa munthu wogona tulo.

Waciwiri, Sclerophrys pusilla, afanana naye kwambiri, koma acepa, pakuti kawirikawiri sapitirira masentimita 8. Zotupa zace ziri zaphwatalala, zobvuta kuziona, ndipo kufiira pa nchafu alibe. Amuna ace alira mwacidule monga abakha, nalandizana awiri awiri.

Wacitatu, Schismaderma carens, ali ndi msana wofiirira monga njerwa. Zotupa za kumbuyo kwa maso sizioneka pa iye. Koma ali ndi mzere wotukuka wocokera ku khutu kufikira ku mwendo, ndi madontho awiri akuda kumunsi kwa msana. Mbululu zace zisambira pamodzi, zounjikana ngati mpira wakuda.

Musakhulupirire maonekedwe a khungu okha, pakuti fumbi ndi cinyezi zisintha cule. Yambani ndi zotupa, kenaka nchafu, ndipo usiku cherani khutu.

Nanga tibvutikiranji ndi zotere? Coyamba, acule awa adya ciswe, ziwala ndi tizirombo tina ta m'dimba la sukulu. Mwana wowadziwa sadzawaponya miyala. Caciwiri, madzi oyera ocokera m'zotupa awawa m'maso ndipo adwalitsa galu. Motero ana asambe m'manja akawagwira, nawabwezere pamene anawatola. Cacitatu, ndipo cacikuru, mwana amene aphunzira kupenyetsetsa asananene kanthu adzacita comweco pa masamu, pa munda, ndi pa milandu ya m'mudzi.

Cifukwa cace ndikupemphani, akuru anga, kuti mvula ikadzabwera mutuluke nao ana kunja. Ndipo mwana akakukonzani monga anandikonza ine, mumthokoze pamaso pa anzace.