MWANA AYAMBE WAGWIRA KOMPYUTA YAKALE ASANALIPIRE MAYESO A NETIWEKI

Mau awa anakambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi makolo pa Limbuli, m'boma la Mulanje, ndipo alembedwa muno kuti a m'midzi yina awerengenso.

Masiku ano anyamata ndi atsikana amene atsiriza Folomu 4 akudza kwa makolo ao ndi pempho lachilendo. Kale mwana ankapempha ndalama yophunzirira ukalipentala, kusoka kapena kuyendetsa galimoto, ndipo kholo linkadziwa chimene likulipirira. Lero mwana akuti, "Bambo, ndifuna setifiketi ya netiweki." Bambo amene ndalama yache imachokera ku masamba a tiyi, ku zinanazi kapena ku malonda a chimanga pa msika wa Limbuli amasowa choyankha. Akakana, aopa kutsekera mwana mwai. Akavomera, aopa kutaya thukuta la chaka chathunthu pa pepala lopanda nchito.

Langizo la nkhani ino ndi limodzi: mwana asalipire mayeso asanaphunzire ndi manja. Pophunzirira pache sipali patali ai. Ndi kompyuta yakale ija imene yangokhala ndi fumbi m'sitolo ya sukulu kapena m'ofesi ya mpingo, imene onse amati inafa.

KAPITAO WA M'KOMPYUTA

Aliyense wa kuno adziwa nchito ya kapitao pa esiteti ya tiyi. Iye satchola masamba, koma ndiye agawa mizere, aitana maina, nayang'anira sikelo. Popanda iye anchito angoima ndi madengu ao. M'kompyuta muli pulogalamu yaikuru imene igwira nchito yofanana ndi imeneyi. Ndiyo imadzutsa makina, imamva zimene munthu alemba pa kiyibodi, imasunga makalata pa disiki, nipatsa mapulogalamu ang'onoang'ono malo ogwirira nchito. Yodziwika kwambiri ndi Windows, ya kampani ya Microsoft ya ku America, ndipo nchifukwa chache anthu amati "kompyuta yanga yafuna kuikamo Windows."

Kawirikawiri kompyuta imene anthu amati inafa iri ndi thupi labwino, koma kapitao wache ndiye wadwala kapena wakalamba. Windows 10 inatuluka mu 2015, ndipo pa 14 October 2025 Microsoft inaleka chithandizo chache cha nthawi zonse, kupatula kwa iwo amene analembetsa padera kuti awonjezeredwe nthawi. Makina samazima chifukwa cha ichi, koma mipata yatsopano imene mbala za pa intaneti zimapeza sitsekedwanso. Windows 11, imene inadza mu 2021, imafuna memori yosachepera 4 GB, disiki ya 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kochedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopano ndithu. Makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike sakwanitsa zonsezi.

Komabe alipo kapitao wina wosalipiritsa. Dzina lache ndi Linux, ndipo anaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Mtundu wache wofala ndi Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo kuno amati umunthu. Zaka ziwiri ziri zonse, m'mwezi wa April, kumatuluka Ubuntu wokhalitsa amene amasamalidwa zaka zisanu kwaulere. Makina ofooka amayenda bwino ndi mng'ono wache wopepuka, Lubuntu. Palibe lamulo loletsa kuukopera ndi kugawira anzako.

KUCHOTSA NDI KUIKA

Nchito iyi iri ngati kufolera nyumba mwatsopano: wanzeru amayamba watulutsa katundu asanasasule denga.

Choyamba, mwana apemphe chilolezo kwa mwini. Kompyuta ya sukulu ndi katundu wa anthu onse, ndipo aphunzitsi akuru ndiwo anene imene ingagwiritsidwe nchito pophunzirira.

Chachiwiri, akopere zonse za m'katimo, monga maina a ana, malikisi, makalata ndi zithunzi, naziike pa fulashi kapena pa disiki yina, kenaka atsegule zina mwa izo pa makina ena kuti aone ngati zakoperedwadi. Anthu a Muloza ndi Mulanje yense sanaiwale mabuku ndi mapepala amene anapita ndi madzi pa namondwe Freddy mu March 2023. Chosungidwa pamalo amodzi chimatayika tsiku limodzi. Kufomata disiki kumaononga msanga koposa madzi, pakuti kumatha pa mphindi zochepa.

Chachitatu, apeze pulogalamu yaikuruyo kuchokera pa tsamba la eni ache. Windows yogulidwa pa tebulo la pa msika kwa munthu wosadziwika ingathe kudza ndi mavairasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Failo ya Ubuntu ndi yaikuru ndipo imadya bandulo, koma ikatsitsidwa kamodzi ingatumikire masukulu onse a m'zoni. Imalembedwa pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa ndi kapulogalamu kaulere konga Rufus. Fulashiyo ikhale yopanda kanthu, pakuti zonse za m'menemo zimafafanizika.

Chachinai, alowetse fulashi, ayatse makina, nadinde msanga batani loonetsa poyambira. Pa makina ena ndi F12, pa ena F9 kapena Esc. Akasankha fulashi, Ubuntu imalola kuiyesa isanaikidwe, osakhudza kanthu pa disiki. Pamenepo aone ngati kiyibodi, mau ndi intaneti zikugwira.

Chachisanu ndicho choopsa. Makina amafunsa ngati afafanize disiki yonse kapena aike watsopano pambali pa wakale. Awerenge funso limeneli kawiri, ndipo ngati sanamve afunse. Safunsa anadya phula. Ayambe nchitoyi batire iri yodzaza, kapena pa nthawi imene magetsi sakonda kuzima, pakuti akazima pakati ayenera kuyambiranso.

Kuchotsa pulogalamu yaikuru kulibe batani lache monga kuchotsa nyimbo m'foni. Munthu amafafaniza chigawo cha disiki pamene iyo ikhala, kapena amalemba yina pamwamba pache. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Ngati Windows ndi Ubuntu ziri pa disiki imodzi, pamakhala kapulogalamu kochedwa GRUB kamene kamafunsa pa kuyatsa kuti ayambe ndani. Wofafaniza chigawo cha Ubuntu osakonza poyambira angapeze makina angoonetsa mau ochepa pa sikirini yakuda. Makinawo sanafe ai. Fulashi ya Windows iri ndi chida chokonzera poyambirapo. Mwana amene walakwa chotere pa kompyuta yophunzirira, nadzikonzera yekha, waphunzira chimene buku silikanamphunzitsa. Aike, achotse, aikenso, kufikira manja atazolowera.

KULUMIKIZA MAKINA AWIRI

Akadzutsa makina awiri, wafika pa khomo la netiweki, ndiko kuti makompyuta olumikizidwa kuti azitumizirana zinthu. Waya wache uli ndi tinsambo 8 m'kati, topotana tiwiritiwiri, ndipo suyenera kupitirira mamita 100. Ku nsonga zache kumaikidwa timitu totchedwa RJ45 ndi chopanira chache. Mawaya a makina angapo amakomana m'kabokosi kochedwa switch, monga njira za m'midzi zikomana pa msika.

Kompyuta iri yonse imafuna keyala, monga bokosi la ku positi ofesi liri ndi nambala. Keyalayo imachedwa IP. Mwana apatse makina oyamba 192.168.1.10, achiwiri 192.168.1.11, ndipo onse awiri alembe 255.255.255.0 pa malo a mask, kusonyeza kuti ndi a mudzi umodzi. Tsono pa makina oyamba alembe ping ndi keyala ya achiwiri. Uku kuli ngati kunena odi pakhomo. Yankho likabwera, netiweki yagwira. Likapanda kubwera, afufuze mwa dongosolo: kodi kanyali ka pa waya kakuyaka? Kodi manambala alembedwa bwino? Kodi mlonda wa m'makina achiwiri, wochedwa firewall, sakukana alendo? Kufufuza kotere ndiko nchito yeniyeni ya mmisiri wa netiweki.

Potulukira kunja kwa mudzi pali rauta. Nchito yache ifanana ndi ya chipata cha Muloza: katundu wa pakati pa Limbuli ndi Mulanje sapita kumeneko, koma wopita ku Milange ayenera kudzera pomwepo. Foni ya Airtel kapena TNM imene ikugawira ena intaneti ndi rauta yaing'ono, ndipo imapereka makeyala yokha mwa njira yochedwa DHCP. Wopanda ndalama yogulira marauta angaphunzire ndi Packet Tracer, pulogalamu imene kampani ya Cisco imapereka kwaulere kwa olembetsa ku Cisco Networking Academy, sukulu yache imene inayamba mu 1997. M'menemo amamanga netiweki yathunthu pa sikirini, ndipo imayenda pa Windows ndi pa Ubuntu pomwe.

ZA MASETIFIKETI

Masetifiketi oyambira amene olemba nchito amawadziwa m'maiko ambiri ndi awa. CompTIA A+ iri ndi mayeso awiri, ndipo imayesa za m'kati mwa makina pamodzi ndi kuika pulogalamu yaikuru, nchito yomwe ija yafotokozedwa kale. CompTIA Network+ iri ndi mayeso amodzi a mafunso osapitirira 90 pa mphindi 90, ndipo wokhoza ayenera kupeza malikisi 720 mwa 900. CCNA ya Cisco ndi yovutirapo. Kuyambira February 2020 imalembedwa ndi mayeso amodzi ochedwa 200-301, a mphindi 120, ndipo mu 2024 mtengo wache unali madola 300 a ku America. Mu 2023 Cisco inayambitsanso CCST, yaing'ono ndi yotsika mtengo, ya ongoyamba kumene.

Makolo asunge zinthu zinai. Mayeso amenewa salembedwa m'Chichewa, chotero Chingerezi cha mwana chikhale cholimba. Mtengo umawerengedwa m'madola, ndipo kwacha ikatsika mphamvu iwo umakwera. Wolephera sabwezeredwa ndalama, amalipiranso. Ndipo A+, Network+ ndi CCNA zimakhala ndi mphamvu zaka 3 zokha. Pambuyo pache munthu ayenera kuzikonzanso. Setifiketi yotengedwa mwana asanakonzeke kufuna nchito ingathe kutha mphamvu iri m'sutikesi.

CHENJEZO

Pepala lonena kuti mwana anakhala nao m'kalasi la netiweki miyezi itatu si setifiketi ya Cisco kapena ya CompTIA ai, ngakhale litakhala ndi zidindo zokongola. Mayeso a A+, Network+ ndi CCNA amalembedwa kudzera ku kampani ya Pearson VUE, pa malo ovomerezeka kapena pa intaneti kamera ikuyang'anira, ndipo wolemba amaonetsa chitupa chache. Setifiketi yoona iri ndi nambala imene wolemba nchito angathe kuitsimikiza pa tsamba la eni ache. Munthu wonena kuti angaipezere mwana popanda mayeso, kapena wogulitsa mayankho, ndi wakuba. Wogwidwa akubera amalandidwa setifiketi.

Asanapereke fizi ku sukulu iri yonse yophunzitsa za kompyuta, makolo apemphe kuona kalata yosonyeza kuti inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku NCHE, aonenso ndi maso ao ngati ophunzira akugwira mawaya ndi makina kapena akungokopera za pa bolodi. Wokhoza bwino MSCE aganizirenso za NACIT, MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, kumene maphunziro a kompyuta ali ataliko.

MAYESO A KWAO

Kholo losadziwa kompyuta lingathe kuyesa mwana wache mbuzi isanagulitsidwe. Lipemphe mphunzitsi mmodzi akhale mboni, ndipo mwana achite zinthu zitatu pamaso pao. Atenge kompyuta imene siyaka bwino, asunge makalata ache, naike pulogalamu yaikuru yatsopano popanda kutaya failo ndi imodzi yomwe. Apane yekha waya, alumikize makina awiri, natumize chithunzi kuchokera pa ena kupita pa enawo. Pomaliza mphunzitsi asinthe nambala imodzi kapena asolole waya mwana atatuluka panja, ndipo mwanayo apeze cholakwacho, nafotokoze m'Chichewa chomveka kwa bambo ndi mai ache chimene chinavuta.

Akatha zitatuzi, ndalama ya mayeso siidzapita pachabe, ndipo ngakhale asanalembe angayambe kupeza ya sopo pokonza makina a m'masitolo olembera makalata ndi a m'maofesi a pafupi. Akalephera, palibe chatayika. Abwerere ku kompyuta yakale ija mwezi wina. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Aphunzitsi akuru akupemphedwa kutsegula masitolo ao sabata ino, kuwerenga makina amene angokhala, ndi kusankha amodzi kapena awiri oti ana aphunzirirepo pansi pa mphunzitsi wodalirika. Makomiti a sukulu ndi mafumu athandize ndi fulashi imodzi ndi mamita ochepa a waya.