Fayilo ya Kalendala ndi Kalembedwe ka Nthawi

Lero tikambirana za kafayilo kakang'ono kamene kamanyamula uthenga wa msonkhano kucokera pa kompyuta ya woitana ndi kukaulemba m'kalendala ya foni ya woitanidwa. Ambiri a inu munaonapo mau akuti muike tsiku lakuti m'kalendala yanu, ndipo mutadina pamenepo, tsiku, ola ndi malo a msonkhano zinalembeka zokha. Tsono tione cimene cimacitika pa kudina kumeneko, ndiponso cifukwa cake kafayiloka nthawi zina kamafikitsa anthu pamsonkhano atacedwa ndi maola awiri athunthu.

Poyamba timve kumene kanacokera. Makampani opanga makompyuta anali ndi makalendala osiyanasiyana, ndipo kalendala ya kampani imodzi sinali kumva zolembedwa ndi ya kampani ina. M'caka ca 1996 gulu lochedwa Versit, limene munali Apple, AT&T, IBM ndi Siemens, linatulutsa kalembedwe kochedwa vCalendar. Pambuyo pake bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, linatulutsa kalembedwe ka iCalendar m'mwezi wa Novembala 1998, m'cikalata ca RFC 2445 colembedwa ndi Frank Dawson wa ku Lotus ndi Derik Stenerson wa ku Microsoft. Cikalataco cinakonzedwanso mu 2009 ndi kukhala RFC 5545. Cifukwa ca mgwirizano umenewu, fayilo imodzi imawerengeka mu Google Calendar, mu Outlook ndi m'kalendala ya Apple. Dzina la fayilo yotere limathera ndi malembo akuti .ics.

Kodi m'kati mwake muli ciani? Muli mizere ya mau wamba, imene ngakhale mwana wa sukulu angathe kuilemba. Mzere woyamba umati BEGIN:VCALENDAR ndipo wotsiriza umati END:VCALENDAR; mizere iwiriyi iri ngati cikuto ca buku. Pansi pa mzere woyamba pamabwera VERSION:2.0, ndi PRODID imene imachula pulogalamu yolemba fayiloyo. Msonkhano weniweniwo umakhala pakati pa BEGIN:VEVENT ndi END:VEVENT. M'menemo SUMMARY ndiwo mutu wa msonkhano, LOCATION ndiwo malo, DTSTART ndiyo nthawi yoyamba, DTEND ndiyo nthawi yomaliza, ndipo DTSTAMP imanena nthawi imene uthengawo unalembedwa. Palinso UID, nambala yodziwitsa msonkhanowo, imene tidzabwererako.

Sukulu kapena ofesi imene ili ndi misonkhano yambiri silemba fayilo iriyonse ndi manja. Imasunga mndandanda wa misonkhano pa kompyuta yaikulu yochedwa seva. Munthu akadina linki ya msonkhano umodzi, pulogalamu ya pa seva imatenga mutu, tsiku, ola ndi malo, niika ciriconse pa mzere wake, ndi kutumiza fayiloyo ku foni yake. Potumiza imaikapo cizindikiro cakuti text/calendar, monga momwe timalembera keyala pa envulopu. Cizindikiroco ndico cimauza foni kuti ipereke fayiloyo ku kalendala. Cikalakwika, foni ingathe kungoonetsa mizere ya mau imene kholo silingamve tanthauzo lake.

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani yathu, ndiwo kalembedwe ka nthawi. Tiyerekeze kuti sukulu yaitana makolo ku msonkhano pa Cisanu, 15 Meyi 2026, nthawi ya 14:00. M'fayilo mumayamba caka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, popanda mpata: 20260515. Pamabwera lemba la T, ndiyeno ola, mphindi ndi masekondi: 140000. Ife a mu Zambia sitivutika pamenepa, pakuti tinazolowera kale kuwerenga maola kufikira 24. Koma funso limene makina amafunsa ndi ili: 14:00 ya kuti?

Ana a sukulu mukumbukira phunziro la dziko lapansi. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ndiko kuti madigiri 15 pa ola limodzi. Mu 1884 msonkhano wa maiko ku Washington unasankha mzere wodutsa pa Greenwich kukhala poyambira powerenga. Mzere wa madigiri 30 kum'mawa umadutsa m'dziko lathu, ndipo nthawi yathu iri patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya dziko lonse, imene imachedwa UTC. M'fayilo ya kalendala, lemba la Z kumapeto kwa nthawi limatanthauza UTC. Motero msonkhano wa 14:00 ku Lusaka kapena ku Chipata uyenera kulembedwa 20260515T120000Z. Foni ya kholo idzawonjeza yokha maola awiri ndi kuonetsa 14:00.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Wolemba amaika 140000, naikanso Z kumapeto cifukwa anaona lembalo m'citsanzo cina. Foni siikayika kanthu. Imawonjeza maola awiri ndi kulemba 16:00. Kholo limene lasiya nchito, lalipira basi, lafika pasukulu pa nthawi imene foni yanena, limapeza mipando ikubwezedwa m'makalasi ndipo nkhani ya mwana wake yatha kale. Ngati cinali ciitano ca kukafunsidwa mafunso a nchito, mwai wapita. Lemba limodzi lokha ndilo lacititsa zonsezi.

Pali njira yaciwiri yolembera, ndiyo kuchula dera. Wolemba amaika DTSTART;TZID=Africa/Lusaka:20260515T140000, popanda Z, ndipo m'fayilomo amaikamo gawo la VTIMEZONE lofotokoza nthawi ya deralo. Njira imeneyi ndiyo yoyenera pa misonkhano yobwerezabwereza ya m'maiko amene amasuntha mawochi ao. Mu Zambia sitisuntha wochi caka conse, koma ku Britain amaipititsa patsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yao yotentha. Phunziro la pa intaneti locitika 10:00 ku London limakhala 12:00 kuno mu Januwale, koma 11:00 mu Julayi. Likalembedwa ndi dzina la dera, Europe/London, kalendala ya wophunzira wa kuno idzasintha yokha nyengo ikasintha. Likalembedwa ndi Z, lidzakhala lolondola theka la caka ndi lolakwika theka linalo.

Njira yacitatu ndiyo kusaika Z kapena dzina la dera. Nthawi yotere imatsata munthu kulikonse kumene ali: 14:00 ku Ndola, 14:00 ku Nairobi, 14:00 ku London. Ndi yabwino pa cikumbutso ca munthu mmodzi, monga cakumwa mankhwala m'mawa, koma pa msonkhano wa anthu okhala m'maiko osiyana imabalalitsa anthu.

Zocitika za tsiku lathunthu ziri ndi msampha wao. Tsiku la ufulu wa dziko lathu, 24 Okutobala, liribe ola loyambira, motero limalembedwa DTSTART;VALUE=DATE:20261024. Koma lamulo likuti tsiku lolembedwa pa DTEND siliwerengedwa. Liri ngati mpanda wa munda, umene sulimidwa. Cifukwa cake DTEND ya tsikuli ndi 20261025. Mlembi amene akufuna kusonyeza mayeso oyamba pa Lolemba ndi kutha pa Cisanu ayenera kulemba Loweruka pa DTEND. Akalemba Cisanu, kalendala idzaonetsa masiku anai okha, ndipo tsiku lotsiriza la mayeso lidzasowa.

Tibwerere ku UID. Msonkhano uliwonse uyenera kukhala ndi nambala yakeyake, yosafanana ndi ya wina. Tsiku la msonkhano likasintha, fayilo yatsopano isunge UID yomweyo, ndipo nambala ya pa mzere wa SEQUENCE ikwezedwe kucoka pa 0 kufika pa 1. Potero kalendala ingathe kuzindikira kuti ndi msonkhano wakale womwe uja umene wasuntha. UID ikasintha, kholo lidzaona misonkhano iwiri, osadziwa woona ndi uti. Dziwaninso kuti fayilo yotsitsidwa kamodzi iri ngati kalata yofika kale: siisintha yokha mwini msonkhano akasintha maganizo. Woitana ayenera kutumiza ina ndi kudziwitsa anthu.

Pali malamulo ena ang'onoang'ono. Mzere usapitirire mabaiti 75. Ukatalika, udulidwe ndipo wotsatira uyambe ndi mpata umodzi. Koma wopumira akapezeka m'dzina la malo, patsogolo pake paikidwe kamzere kopendekera kumbuyo, kuti makina asayese kuti mau atha.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu alembi a m'masukulu ndi ana amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, musanatumize fayilo kwa makolo, itseguleni pa mafoni awiri a mitundu yosiyana, muone ngati tsiku ndi ola zagwirizana ndi kalata ya aphunzitsi aakulu. Pa foni imodzi sinthani dera la nthawi likhale la London, muone ngati ola lasuntha moyenera. Ndipo pa mzere wa DESCRIPTION lembani nthawi m'mau wamba, kuti "14:00, nthawi ya mu Zambia", kuti munthu akhale ndi poyerekezera. Inunso olandira, musanadine mau osungira, werengani ola limene foni yaonetsa, ndipo likasiyana ndi limene munauzidwa, funsani kusukulu.

Aphunzitsi, nayi nchito ya m'kalasi. Ana alembe m'makope ao mizere ya DTSTART ndi DTEND ya masewera oyamba 09:30 ndi kutha 11:00 ku Katete, poyamba ndi Z, kenaka ndi dzina la dera. Amene apeza 073000Z ndi 090000Z amva phunziro la lero.