Thumba Lathu Liziganizanso za Amoyo

A Tcheyamani, akuluakulu, amayi ndi abambo a kuchigwa amene mwasonkhana muno mu Johannesburg, a ku Nchalo, a ku Ngabu, a ku Bangula mpaka a ku Marka, ndakulonjerani nonse.

Pa maliro timagwirana manja, zimenezo sitikayika. Lero ndabwera ndi nkhani ya amoyo: msodzi amene ng'ona inamulanda dzanja ku Elephant Marsh, mayi amene anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga, mnyamata wa kabaza amene anachita ngozi.

Tikaona pa Facebook dzanja loyendera batire, lija limafumbata lokha minofu ikangogwedezeka, mtima umati tigulire m'bale. Koma wogula mbuzi amayamba wafunsa za msipu. Batire yotchaja imafooka pakapita zaka zochepa, ndipo kawirikawiri ya kampani ina siilowa. Kutentha kwa kwathu mu Okutobala kumaipha msanga. Nanga atchaja pati? Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, m'boma lathu lomwe la Chikwawa, dziko lonse n'kuvutika ndi magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi amenewo ndi a m'tauni. Ku Makhanga ambiri amadalira kasola ka pafoni.

Kwa inu amene muli pa medical aid kuno, musanalipire chilichonse funsani mafunso awiri, ndipo akuyankheni polemba. Kodi ndalama ya ziwalo zochita kupanga imalekera pati pachaka? Kodi batire yolowa m'malo mwa yakutha amaiwerenga ngati mbali ya chiwalocho, kapena ngati chinthu chodzigulira nokha? Tengani kalata ya dokotala ndi mtengo wolembedwa, mulandire chilolezo cha a medical aid kaye. Amene amagula n'kumapita ndi lisiti pambuyo nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja. Akakukanirani popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Council for Medical Schemes. Wovulala pantchito ali ndi khomo lina, Compensation Fund, pansi pa lamulo la COIDA la 1993, ndipo kuyambira chigamulo cha khoti lalikulu mu 2020, ogwira ntchito za m'nyumba nawonso alimo. Azimayi ambiri muno zikukukhudzani. Ngozi inenedwe msanga, mapepala musataye.

Kumudzi nkhani ndi ina. Medical aid ya MASM imafikira makamaka olembedwa ntchito. Mlimi wa thonje ku Ngabu alibe inshuwalansi yoti imubwezere kalikonse. Inshuwalansi yake ndi ifeyo. Ine ndimaona kuti kwa ambiri mwendo wamba wa pulasitiki ndi chitsulo, womwe amisiri a ku Queens ku Blantyre angaukonze, ndi umene ungawatumikire. Nawonso umadya ndalama: chitsa chikaphwa chovalira chimakhwepa, phazi limaperepeseka, mwana akakula amafunika wina. Ulendo uliwonse wa ku Blantyre ndi kukwera zitunda za ku Thabwa, ndipo wodwala sayenda yekha.

Pempho langa ndi lakuti pa chopereka cha mwezi tipatule kagawo ka mayendedwe, kukonzetsa ziwalo ndi mabatire, kuphatikizapo a tizipangizo ta m'khutu ta agogo athu. Msungichuma azipereka ndalama ataona kalata ya chipatala, lisiti lizibwera pa WhatsApp. A Mlembi, ilembeni mfundoyi kuti tivoterepo tisanapite kukadya.