Nkhuku ya Tsabola Yochokera ku Rosettenville

M'chaka cha 1987 amuna aŵiri, a Fernando Duarte ndi a Robert Brozin, adagula kanyumba kodyeramo kotchedwa Chickenland ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg, nakatcha dzina lakuti Nando's. Malonda ake adali nkhuku yootcha pamoto, yopakidwa tsabola monga momwe amakonzera Apwitikizi a ku Mozambique.

Mu 1992 adatsegula nyumba yoyamba ku Britain, ku Ealing mu London. Poyamba malonda adavuta, pakuti eni ake ankadalira anthu ogula ndi kukadyera kwawo. Atakonza malo okhala, nasiya wogula kuti adzilipirira yekha pa kauntala ndi kusankha ukali wa tsabola, achinyamata ndi mabanja adayamba kukhamukirako. Lero nyumba zimenezi ku Britain zaposa 400, kupambana za kwawo ku South Africa, ndipo zafikanso ku Australia, Malaysia ndi United States.

Tsabola wowawula malilime a Angerezi ndi kapiripiri, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malaŵi. Amathyoledwa pamanja mmodzimmodzi akafiira, ntchito yoŵaŵa msana ndi zala zomwe, nayanikidwa padzuŵa asanapite kunja.