Msilikali Amene Sankajomba pa Maliro



M'chaka cha 2011 ndinalalikira pa maliro a agogo ena kumudzi kwathu ku Ntcheu. Pa unyamata wawo analembedwa usilikali wa King's African Rifles ku Zomba, ndipo mu 1944 anakamenya nkhondo ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumene mvula, matope ndi malungo zinawazunza pamodzi ndi zipolopolo.

Za mamendulo awo sankakamba. Koma ali gone pa mphasa, imfa itayandikira, anandiuza kuti mnzawo wa ku Mulanje anafera m'manja mwawo, ndipo lamulo loti gulu linyamuke linabwera asanamukumbire manda. Anangomufunditsa bulangete, n'kumusiya.

Apo m'pamene ndinamvetsa chimene ife ana tinkaseka. Maliro akagwa, ngakhale a mlendo wosadziwika kwawo, agogowo ankafika kumanda ndi khasu adzukulu asanadzuke n'komwe.

Anandifunsa kuti, "Abusa, kodi Mulungu akudziwa pamene mnzanga uja anagona?" Ndinawawerengera Chivumbulutso 20:13. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Basi, khasu lija muwapatse anyamata."