Dzina lake Mabvuto

Tikaima pamsika wa Kapata n'kuitana kuti "a Mabvuto!", amuna angapo atembenuka. Dzinali lafala kuno ku Chipata, ku Katete mpaka ku Chadiza. Koma masiku ano anyamata ena akuchita nalo manyazi, ndipo alipo alaliki amene akuwauza kuti ndi temberero, ati n'chifukwa chake ntchito sakuipeza. Nkhaniyi yatifika kangapo, ndipo yatiwawa.

Makolo athu sankatola dzina panjira. Mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, akuluakulu ankayang'ana zimene banja ladutsamo. Wobadwa bambo ake atamwalira ankatchedwa Masiye. Wobadwa nkhokwe zili mbee, Tilyenji. Wobwera pambuyo pa maliro, Misozi. Ndipo pamene mayi anavutika pobereka, kapena m'nyumba munali matenda ndi milandu, mwanayo anali Mabvuto. Anthu opanda cholembera ankalemba mbiri yawo pa ana. Sankalodza mwanayo ayi. Ankanena kuti uyu wabwera tili pamoto, koma wabwera ndithu.

Pa 1 Mbiri 4:9-10 tikumana ndi Mabvuto wa m'Baibulo. Dzina lake Yabezi, ndipo mayi ake anamutcha choncho chifukwa anamubala ndi ululu. Taonani, Yabezi sanapemphe dzina lina. Anapempha Mulungu kuti amudalitse, akulitse malire ake, amuteteze ku choipa, ndipo Mulungu anamupatsa. Malembo akumutchula wolemekezeka kuposa abale ake, dzina lili lomwelo.

Sitikuti kusintha dzina ndi tchimo. Pa Genesis 35:18 Rakele akutsirizika panjira ya ku Betelehemu anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni changa, koma Yakobo anamutcha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Ngakhale mzinda wathu uno unali Fort Jameson. Chimene tikukana ndi mantha, ndiponso ndalama zimene amasiye akupereka kuti munthu "amasule" dzina limene agogo anapereka akulira.

Inu a Mabvuto, ngati mayi kapena azakhali akadali moyo, pitani sabata ino mukawafunse kuti chinachitika n'chiyani chaka chimene munabadwa. Mukhale pansi, musafulumire. Mwina mukamva za usiku umene anayenda pa ngolo kupita kuchipatala, ndi za amene ananyamula nyali.

Tipemphere. Atate, mumatidziwa aliyense ndi dzina lake. Kumbukirani a Mabvuto, a Masiye ndi a Misozi amene akumvera tsopano, pamodzi ndi amayi amene anawabala. Amen.